Chimapha asilikali m'sitima zapansi pa madzi n'chiyani kwenikweni?

A Mbewe: Moni nonse pa gulu. Anthu akamva kuti sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi yamira, funso loyamba limakhala lakuti, kodi nyukiliya yake yaphulika? Ndikufuna tiikambe bwino nkhaniyi, chifukwa mukaunika ngozi zikuluzikulu kuyambira m'ma 1960, mupeza kuti ambiri mwa omwalirawo riyakita (makina a nyukiliya amene amapatsa sitima mphamvu) sinawakhudze n'komwe. Anafa ndi moto, utsi, madzi olowa pa paipi, kuzizira, ndiponso mafuta a zida zawo zomwe. Sitima zoyendera nyukiliya zimene zinamirapo zilipo 9, ziwiri za America ndi 7 za Soviet Union ndi Russia, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene inamira chifukwa riyakita yaphulika ngati bomba. Tiyambe ndi Kursk ya Russia, poti ndi imene ambiri amaikumbukira.

Nachisale: Zikomo a Mbewe. Kursk inamira pa 12 Ogasiti 2000 m'nyanja ya Barents, anthu onse 118 n'kuthera momwemo. Gwero lake linali torpedo (mzinga woyenda m'madzi) imodzi yophunzirira, yopanda ndi bomba lomwe kumutu kwake. Torpedo ya mtundu wa 65-76 inkayendera palafini wosakaniza ndi hydrogen peroxide wamphamvu kwambiri, osati wosungunula uja wotsukira zilonda ayi. Madzi amenewa akadontha n'kukhudza dzimbiri kapena zitsulo zina, amasanduka nthunzi yotentha ndi okosijeni m'kanthawi kochepa, ndipo amafufuma kuwirikiza pafupifupi 5,000. Ofufuza a boma la Russia anapeza kuti mankhwalawo anadontha torpedo ili kale mu chubu chake, thanki ya palafini n'kuphulika.

Kuphulika koyambako kunali kochepa poyerekeza ndi kumene kunatsatira. Vuto linali lakuti njira ya mpweya yochokera m'chipinda choyamba kupita m'chipinda chachiwiri inali yotsegula, ndiye mphamvu yake inakalowa mmene munali kaputeni Gennady Lyachin ndi oyendetsa sitima. Panalibenso woti alamule kuti sitima ikwere pamwamba. Patangotha mphindi ziwiri ndi masekondi 15, moto uja unaphulitsa ma torpedo ena enieni, ndipo makina oyezera zivomezi ku Norway anamva kugundako.

Che Jafali: Ndiwonjezere apa achemwali. Mankhwala amenewa kuopsa kwake kunali kodziwika kale. Mu 1955 sitima ya Britain, HMS Sidon, inaphulika ili padoko ku Portland chifukwa cha torpedo ya hydrogen peroxide yomweyo, anthu 13 n'kumwalira, ndipo a Britain anadzaisiya njira imeneyo. A Russia anapitiriza chifukwa torpedo yotere imathamanga ndiponso imafika patali. Anadzaichotsa m'sitima zawo Kursk itamira kale.

Nanga ma riyakita awiri a Kursk anatani? Anazima okha. Ndodo zoletsa nyukiliya zinatsika mkati monga mmene anazikonzera. Mu Okutobala 2001 makampani a ku Netherlands, Mammoet ndi Smit, atadula mutu wa sitimayo n'kuikweza ndi zingwe 26, ma riyakita aja anapezeka ali bwinobwino.

Mayi a Tadala: Chimene chimandiwawa pa Kursk ndi anthu 23 aja. Iwowo anapulumuka kuphulika konse kuwiri n'kusonkhana m'chipinda cha 9, chakumbuyo kwenikweni, mmene munali chitseko chothawira. Timadziwa zimenezi chifukwa mmodzi mwa iwo, Dmitri Kolesnikov, analemba mayina awo pa pepala limene linadzapezeka m'thumba mwake. Sitimayo inali pa mamita 108 okha. Kutalika kwake inali mamita 154, kutanthauza kuti akanaiimika chilili, kumbuyo kwake kukanaonekera pamwamba pa madzi. Komabe sanatuluke.

Chinawamaliza ndi chipangizo chimene chinkawasunga ndi moyo. Ankagwiritsa ntchito timbale ta mankhwala a potassium superoxide, timene timayamwa mpweya woipa n'kutulutsa okosijeni. Mankhwalawa akakhudza madzi osakanikirana ndi oyilo amayaka pompo. M'chipindamo madzi ankalowa pang'onopang'ono, oyilo akuyandama pamwamba, mumdima. Zizindikiro zimasonyeza kuti kambale kamodzi kanagwera m'madzimo. Ena anamira dala m'madzi kuthawa malawi, koma pomwe ankavuuka okosijeni anali atatha ndi moto.

Kunjako zinthu zinachedwanso. Chizindikiro choyandama chimene chimayenera kudzimasula chokha pa ngozi chinali chitatsekedwa, timasitima topulumutsira ta Russia tinali ndi mabatire otopa ndipo tinalephera kumamatira pa chitseko, boma n'kuvomera thandizo la Norway ndi Britain pa 16 Ogasiti. Akatswiri a ku Norway anatsegula chitseko pa 21 Ogasiti, n'kupeza chipinda chadzaza madzi.

Kamwendo: Zoona zonsezo, koma a Mbewe, ine sindikuvomereza kuti riyakita tiichotse pamlandu msanga chonchi. Tengani Thresher ya America, 10 Epulo 1963, anthu 129. Pamenepo riyakita sinaphulike, inde, koma kuzima kwake ndi kumene kunaisiya sitima yopanda mphamvu ili pakuya. Sitima ya nyukiliya imadalira liwiro kuti ikwere. Riyakita ikazima, chopalasira chimaima, ndipo ngati sitimayo yalemera ndi madzi imayamba kutsika.

A Mbewe: Mwakhudza pabwino achimwene. Tiyeni tiione Thresher mwatsatanetsatane, chifukwa ndi ngozi imene inasintha kamangidwe ka sitima zonse za America.

Inali itangotuluka kokonzedwa ku Portsmouth, ikuyesedwa kum'mawa kwa Cape Cod pa kuya kwake kovomerezeka, pafupifupi mamita 400. Madzi amawonjezera kufinya pafupifupi kilogalamu imodzi pa sikweya sentimita iliyonse mukatsika mamita 10. Pa mamita 400 ndiye kuti sikweya mita imodzi ya khoma la sitima yasenza matani 400. Paipi ya madzi a m'nyanja ikathyoka pamenepo, madzi sadontha ayi, amalowa ngati nkhungu yothamanga moti munthu saonanso pamene akuchokera.

Khoti lofufuza la asilikali a pamadzi linanena kuti mwina paipi ina m'chipinda cha injini inalekana pamfundo. Mfundo zambiri sizinali zowotcherera koma zomata ndi siliva wosungunula, ndipo pa zochepa zimene anaziyeza ndi makina sitima isananyamuke, pafupifupi 14 pa 100 zilizonse zinali zosakwanira. Madzi anathira pa magetsi, riyakita inazima. Lamulo la nthawi imeneyo linkati riyakita ikazima mutseke mavalavu a nthunzi, choncho ngakhale kutentha kumene kunatsala m'makina sikunagwiritsidwe ntchito kupalasira sitima.

Chinatsala ndi njira yomaliza: kupopera mpweya wofinyidwa m'mathanki kuti madzi atuluke, sitima ipepuke. Apa ndi pamene panali msampha. Mpweya wofinyidwa ukamatuluka mothamanga umazizira kwambiri. Chinyezi chimene chinali mumpweyawo chinaundana pa tisefa ta m'mavalavu, n'kutseka njira m'masekondi ochepa. Atayesa zomwezo pa sitima inzake, Tinosa, ili padoko, tisefa tinaundana chimodzimodzi. Thresher inapitirira kutsika mpaka khoma linaphwanyika, ndipo zidutswa zake zili pa mamita pafupifupi 2,600.

Che Jafali: Pali akatswiri ena a zomvetsera phokoso pansi pa nyanja amene amati chiyambi sichinali paipi, koma magetsi a mapampu oziziritsa riyakita ndi amene anayamba kuvuta. Mkanganowu unakula pamene asilikali a America anayamba kutulutsa zikalata za kafukufukuyo mu 2020 khoti litawalamula. Koma mbali zonse ziwiri zimagwirizana pa mfundo ya madzi oundana ija, komanso kuti sitima inalibe mphamvu yokwerera.

Zotsatira zake ndi pulogalamu ya SUBSAFE, imene inayamba chaka chomwecho. Paipi iliyonse yokhudzana ndi madzi a m'nyanja iyenera kukhala ndi chikalata chosonyeza kumene chitsulo chake chinachokera, amene anaiwotcherera, ndi amene anaiyeza. Anaika zoumitsira mpweya, anakulitsa mapaipi opopera mathanki, anaikanso njira yotsekera mavalavu onse akuluakulu kuchokera pamalo amodzi. Lamulo la nthunzi lija linasinthidwa. Chiyambire pamenepo America yataya sitima imodzi yokha, Scorpion, mu Meyi 1968 kumwera chakumadzulo kwa zilumba za Azores ndi anthu 99, ndipo imeneyo inali isanamalize kukonzedwa motsatira SUBSAFE. Umboni wina ndi San Francisco, imene mu Januwale 2005 inawomba phiri la pansi pa nyanja kumwera kwa Guam ikuthamanga kwambiri. Mutu wake unaphwanyika, munthu mmodzi anamwalira, koma mathanki anapopeka ndipo inabwerera padoko.

Kamwendo: Chabwino, za America ndamva. Koma mfundo yanga ikadalipo, ndipo ndipereka ngozi zitatu zimene wakupha anali riyakita yeniyeniyo.

Yoyamba ndi K-19 ya Soviet Union, pa 4 Julayi 1961. Paipi ya madzi oziziritsa riyakita inang'ambika. Anthu ambiri sadziwa kuti riyakita ukaizimitsa siisiya kutentha. Zotsalira za uranium wogawanika zimapitiriza kutulutsa kutentha, pafupifupi 6 kapena 7 pa 100 ya mphamvu yonse itangozima, n'kumatsika kufika pakati pa 1 ndi 2 pa 100 pakatha ola. Pa riyakita ya mamegawati 190 ngati ya Kursk, ndiye kuti mamegawati oposa 10 akufunika kuchotsedwa m'mphindi zoyambazo. Popanda madzi, mafuta a nyukiliya amasungunuka. K-19 inalibe njira yachiwiri yoziziritsira. Kaputeni Nikolai Zateyev anatumiza anyamata m'chipinda cha riyakita mosinthana kuti akawotcherere paipi yatsopano yobweretsa madzi akumwa. Anakwanitsa, koma 8 mwa iwo anamwalira m'masabata ochepa chifukwa cha radiation (cheza choopsa cha nyukiliya), ndipo ena anatsatira m'zaka za pambuyo pake.

Yachiwiri ndi K-27, ya Soviet Union nayonso, mu Meyi 1968. Iyi riyakita yake sinkaziziritsidwa ndi madzi koma ndi mtovu wosungunuka wosakaniza ndi bismuth. Mbali ina ya mafuta inatentha n'kuwonongeka, anthu 9 anamwalira ndi radiation.

Yachitatu ndi ya ku Chazhma, pafupi ndi Vladivostok, pa 10 Ogasiti 1985. Imeneyi inaphulikadi.

Mayi a Tadala: Ya ku Chazhma ifotokozeni bwino bambo Kamwendo, chifukwa anthu akamva kuti inaphulika aganiza za Hiroshima.

Kamwendo: Ayi, si choncho mayi. Sitima ya K-431 inali padoko akuisintha mafuta a nyukiliya. Atamaliza anapeza kuti chivindikiro cha riyakita sichinakhale bwino, ndiye anaganiza zochikwezanso pang'ono ndi kireni imene inali pa chombo choyandama pambali. Chivindikirocho chinanyamuka pamodzi ndi zitsulo zoletsa nyukiliya, zimene zinayenera kukhala zitamasulidwa. Pa nthawi yomweyo boti lina linadutsa mothamanga, mafunde ake anagwedeza chombo cha kireni, chivindikiro n'kukwera kupitirira muyezo. Mphamvu ya riyakita inalumpha m'kamphindi, madzi onse anasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ndi imene inaponya chivindikiro cha matani angapo m'mwamba pamodzi ndi mafuta. Anthu 10 anafera pomwepo, ena ambiri analandira radiation pozimitsa moto, ndipo dera lozungulira linaipitsidwa. Boma la Soviet Union linabisa nkhaniyi kwa zaka.

Bomba la nyukiliya limafuna kuti zonse zifinyidwe pamodzi mwadongosolo lapadera. Riyakita imadzimwaza yokha isanafike pamenepo. Koma kwa munthu amene waima pambali pake, kusiyana kumeneko sikumupulumutsa.

A Mbewe: Apa tikugwirizana achimwene. Riyakita imapha m'njira ziwiri zodziwika: madzi oziziritsa akatayika, ndiponso pa nthawi yosintha mafuta pamene chivindikiro chili chotsegula. Chimene ine ndikunena n'chakuti mukaika anthu a K-19, K-27 ndi K-431 mbali imodzi, mbali inayo n'kuika a Kursk, Thresher, Scorpion, K-8 imene inapsa n'kumira ku Bay of Biscay mu 1970 ndi anthu 52, ndi Komsomolets, kusiyana kwake n'kwakukulu zedi. Ndipo K-19 yomweyo inapha anthu ambiri ndi moto wa mu 1972 kuposa amene anafa m'masabata oyamba a ngozi ya riyakita. Moto umenewo unatenga miyoyo 28.

Gondwe wa ku Cape Town: Ndilowepo ndi mbali ya sitima za dizilo, chifukwa ena amaganiza kuti zimenezo ndiye zotetezeka. Ngozi ziwiri zazikulu zaposachedwa ndi za dizilo. ARA San Juan ya Argentina inasowa pa 15 Novembala 2017 ndi anthu 44. Uthenga wake womaliza unanena kuti madzi alowa kudzera pa paipi yokokera mpweya n'kufika pa mabatire akutsogolo. Madzi amchere pa batire amabweretsa mavuto atatu nthawi imodzi: shoti ya magetsi, mpweya wa chlorine umene umawotcha mapapo, ndi hydrogen amene amatha kuyaka akangopitirira 4 pa 100 mumpweya. Inapezeka patatha chaka, pa mamita oposa 900. KRI Nanggala ya Indonesia inamira kumpoto kwa Bali mu Epulo 2021 ndi anthu 53, ndipo inapezeka itaduka patatu pa mamita oposa 800.

Palinso ya China ya nambala 361, mu 2003. Anthu 70 anapezeka atafa ali m'malo awo antchito, sitima ili yosawonongeka. Zimene zimanenedwa n'zakuti injini ya dizilo inapitiriza kulira njira ya mpweya wakunja ili yotseka. Injini yaikulu chotero imamaliza okosijeni wa m'sitima m'mphindi zochepa.

Kwa amene muli kuno ku South Africa, mukukumbukira SAS Manthatisi mu Seputembala 2023 kufupi ndi Kommetjie. Sitimayo inali pamwamba pa madzi, akuphunzira kulandira katundu kuchokera pa helikopita, mafunde n'kukokolola amene anali pamsana pake. Atatu anamwalira. Msana wa sitima yotere ndi wozungulira, woterera, ndipo uli pafupi kwambiri ndi madzi.

Nachisale: A Gondwe anena zoona, ndipo pali chifukwa chake. Sitima ya dizilo iyenera kukwera pafupipafupi kuti itchaje mabatire, ndipo nthawi iliyonse imatsegula bowo lalikulu la mpweya pafupi ndi mafunde. Ya nyukiliya ilibe vuto limenelo, imapanga okosijeni wake pogawa madzi ndi magetsi. Koma moto ndi mdani wa zonse ziwiri, ndipo Komsomolets ndi chitsanzo chomvetsa chisoni.

Inali sitima ya Soviet Union yopangidwa ndi chitsulo cha titanium, imene inatsikapo kupitirira mamita 1,000, zimene sitima ina yankhondo inali isanachitepo. Pa 7 Epulo 1989, m'nyanja ya Norway, moto unabuka m'chipinda cha 7. Kutentha kunang'amba paipi ya mpweya wofinyidwa, mpweyawo n'kumakolezera motowo ndi kukankhira utsi m'zipinda zina kudzera m'mabowo a mawaya. Utsi unalowa ngakhale m'mapaipi a mpweya wopumira pa ngozi, moti ena amene anavala zopumira anakomoka nazo. Sitima inakwanitsa kukwera ndipo inayandama maola pafupifupi asanu. Kenaka madzi analowa kumbuyo kumene moto unawononga zotsekera, n'kumira mofulumira. Mwa anthu 69 anamwalira 42, ndipo ambiri a iwo anafa ndi kuzizira, m'madzi a madigiri pafupifupi 2, atagwirira boti limodzi lampira limene linatembenuzika. Anthu asanu, kuphatikizapo kaputeni Yevgeny Vanin, analowa m'kachipinda kothawira kamene kamadzimasula pa sitima. Anapulumuka ndi mmodzi yekha.

Mayi a Tadala: Ndipo zida zozimitsira moto nazonso zimapha. Pa Nerpa ya Russia, mu Novembala 2008, makina ozimitsira moto anatulutsa mpweya wa freon popanda moto uliwonse, anthu 20 n'kubanika. Sitimayo inali pa mayeso, itanyamula anthu oposa 200, ambiri a iwo ogwira ntchito ku fakitale osati asilikali. Pa HMS Tireless ya Britain mu 2007, kandulo yopangira okosijeni imene inali itadetsedwa ndi oyilo inaphulika n'kupha awiri sitima ili pansi pa madzi oundana a ku Arctic. Ndi vuto lofanana ndi la m'chipinda cha 9 cha Kursk: mankhwala otulutsa okosijeni ndi oyilo siziyenera kuyandikana, ngakhale dontho.

Che Jafali: Wina angafunse kuti bwanji osangowapulumutsa. Malire ake ndi awa. Munthu akhoza kutuluka yekha ndi chovala chapadera kuchokera pa mamita pafupifupi 180. Kasitima kopulumutsira ka Britain, France ndi Norway kamafika mamita pafupifupi 600, ndipo cholinga chake n'chakuti kafike pamalo a ngozi m'maola 72. Koma nyanja zambiri n'zakuya makilomita atatu kapena anayi. Sitima ikamira kunja kwa madzi osaya a m'mbali mwa makontinenti, khoma limaphwanyika isanafike pansi, ndipo sipakhalanso woti apulumutsidwe.

Pamene zinathekapo panali posaya. Squalus ya America mu 1939 inali pa mamita pafupifupi 74, anthu 33 anatulutsidwa ndi chipangizo chonga belu. Mu 2005 kasitima ka Russia, AS-28, katakodwa mu zingwe ndi maukonde kufupi ndi Kamchatka, a Russia anapempha thandizo msanga, makina a Britain anadula zingwezo, onse 7 n'kutuluka amoyo. Ofesi yogwirizanitsa mayiko pa ntchito yotere, ISMERLO, inakhazikitsidwa Kursk itachitika.

Kamwendo: Tibwerere ku zimene zili pansi pa nyanja panopa, chifukwa kwa ine ngozi yeniyeni ya nyukiliya ili pamenepo. Komsomolets ili pa mamita pafupifupi 1,700, kuwirikiza kawiri ndi kupitirira malo akuya kwambiri a nyanja ya Malawi, ili ndi riyakita ndi ma torpedo awiri a nyukiliya. Mu 2019 ofufuza a ku Norway anatunga madzi pa paipi ina ya sitimayo n'kupeza caesium-137 (chotsalira cha nyukiliya chotulutsa radiation) wochuluka kuwirikiza mpaka 800,000 kuposa wa m'nyanja wamba. K-219 ya Soviet Union, imene inamira kumpoto chakum'mawa kwa Bermuda mu Okutobala 1986, ili pa mamita oposa 5,000 ndi mizinga yake. Pa imeneyo Sergei Preminin, mnyamata wa zaka 20, anatsitsa ndodo za riyakita ndi manja m'chipinda chotentha kwambiri, chitseko n'kukana kutseguka potuluka.

Nachisale: Nambala ya 800,000 ija ndi yoona bambo, koma tiiike m'malo mwake. Anayeza pakamwa penipeni pa paipi, ndipo mamita ochepa pamwamba pake sanapeze kukwera koteroko. Pakuya pamenepo nsomba ndi zochepa ndipo madzi ndi ochuluka. A Norway omwewo ananena kuti nsomba zawo zilibe chiopsezo. Zimene akatswiri amada nazo nkhawa ndi sitima ziwiri zimene zili pamalo osaya, K-159 ya Russia ndi K-27.

K-159 inamira pa 30 Ogasiti 2003 ikukokedwa kupita kokaphwasulidwa, itamangiriridwa ku mathanki oyandamitsa akale. Mphepo itakula mathankiwo anaduka, anthu 9 n'kumwalira. Ili pa mamita pafupifupi 240 kufupi ndi chilumba cha Kildin, ndi mafuta a nyukiliya ogwiritsidwa kale ntchito okwana makilogalamu pafupifupi 800, m'dera limene muli usodzi waukulu wa nsomba za cod. Inali yadzimbiri kale isanamire.

A Mbewe: Inayo ndi K-27 imene a Kamwendo anaitchula. Atalephera kuikonza, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anaimiza dala m'gombe la Stepovoy ku Novaya Zemlya, pa mamita pafupifupi 30 okha. Asanaimize anathira mankhwala olimba a furfural ndi phula m'chipinda cha riyakita kuti madzi asafike pa mafuta. Mafuta ake ndi uranium woyengedwa kwambiri. Madzi amachepetsa liwiro la ma neutron, ndipo ma neutron oyenda pang'onopang'ono ndi amene amagawa uranium mosavuta. Choncho zomatira zija zikadzang'ambika madzi n'kulowa, pali mantha akuti riyakita ikhoza kudziyatsa yokha. Russia inalengezapo kuti ikufuna kukweza K-27 ndi K-159, koma chombo chokhala ndi mphamvu yonyamula sitima yonse osaithyola n'chosowa, ndipo mgwirizano ndi Norway komanso mayiko a ku Ulaya pa ntchito zoterezi unaima nkhondo ya ku Ukraine itakula mu 2022.

Gondwe wa ku Cape Town: Pa kakwezedwe kake, njira ya Kursk singangokopedwa. Kursk inali sitima ya zaka zosakwana 6 ndipo khoma lake linali lolimba moti anabowola mabowo 26 n'kukolekamo zingwe. K-159 ndi ya mu 1963. Asanakoleke chilichonse ayenera kuyeza kaye makulidwe a chitsulo chimene chatsala, makamaka mozungulira chipinda cha riyakita, ndipo mwina njira yake ingakhale yoigwira ndi zibano zazikulu kuchokera kunsi kuti kulemera kugawanike thupi lonse. Ya K-27 vuto lake ndi kupendekeka: poinyamula iyenera kukhala mmene yagonera, kuti zomatira za m'kati zisasweke ndiponso madzi amene analowa kale m'zipinda zina asayenderere kupita ku riyakita.